Mayi, muimbireni mwanayo lero lomwe

Mayi, ndawerenga zimene mwalemba zoti mwana wanu, amene ali ku America pa sikolashipu ya mpira, akubetcha pa mpira wa ku England. Musadikire Lamulungu, muimbireni lero. Mawu amene mwana wanu wakuuzaniwo, oti "ndi mpira wa ku England, sukukhudzana ndi sukulu", ndi omwewo ndinawauza mayi anga mu 2023, ndipo ndinkakhulupiriradi kuti ndikunena zoona. Lamulo la NCAA, bungwe loyendetsa masewera a m'makoleji ku America, silifunsa kuti gemuyo ikuseweredwa dziko liti. Masewera alionse amene NCAA ili ndi mpikisano wake, wosewera wa pa koleji saloledwa kubetcha, kaya ndi a makoleji kaya a akatswiri olipidwa. Mpira wamiyendo ulimo, ndiye Arsenal ilimo, Chelsea ilimo. NBA, NFL, tenisi, gofu, zonse. Ngakhale kapepala ka March Madness, mpikisano wa basiketibolo ya makoleji, kosonkherana madola asanuasanu kaja n'koletsedwa. Achimwene amene akuyankhani kuti lamuloli "anamasula" amva mbali imodzi. Mu Okutobala 2025 NCAA inavomerezadi zoti osewera azibetcha pa masewera a akatswiri, koma mu Novembala masukulu a Division I, gawo lapamwamba la NCAA, anavota n'kugwetsa ganizolo lisanayambe kugwira ntchito.

Ine ndinapita ku America pa sikolashipu ya mpira ngati wanuyo. Kwathu kubetcha ndi zaka 18, tonse tinakula tikudziwa tiketi ya magemu khumi yofera pa gemu yomaliza. Kumeneko madera ambiri ndi 21, ine ndinali ndi 20. Mnzanga wogona naye chipinda chimodzi, wa timu yomweyo, anali ndi akaunti, akuti "ingondipatsa ndalamazo ndizikuikira". Loweruka m'mawa, kunja kukuzizira, kulibe woyankhula naye Chichewa, mpira wa Premier League uli pa foni, ndinkaika madola khumi, nthawi zina makumi awiri. Basi. Sindinabetchepo pa timu yathu, ngakhale pa koleji ina iliyonse.

Tsiku limene anandiitana ndinali nditangovala nsapato za ku trening'i, wothandizira kochi n'kundigwira paphewa, akuti akukufuna ku ofesi ya compliance, yoona kuti osewera akutsata malamulo a NCAA. Ndinaganiza kuti ndi za mapepala a viza. Kulowa, ndinapeza mayi wina wa mu ofesimo, kochi atakhala pakona osandiyang'ana, patebulo pali mapepala atawatembenuza. Mayiwo anayamba ndi kundifunsa ngati ndikufuna madzi. Kenako akuti, "Tiuze zonse, ukanena wekha zinthu zimapepuka." Ine poti tinaleredwa kuti wamkulu akakufunsa suzemba, ndinakhuthula zonse. Ndinatsegula foni ndekha, kuwaonetsa ndalama zimene ndinkamutumizira mnzangayo, mwezi ndi mwezi, mpaka zina zimene iwo analibe pa mapepala awo aja. Anatenga kalikyuleta n'kuyamba kuphatikiza ine ndikuona. Apa m'pamene ndinadziwira kuti sawerenga zimene wadyedwa, amawerenga zonse zimene unaikapo. Ukawina 30 n'kuibwezanso pa gemu ina, 30 imeneyo yalowanso m'chiwerengero. Ine m'mutu mwanga ndinkati ndaluza mwina madola zana limodzi chaka chonse. Pa kalikyuleta zinadutsa 800. Thukuta linali kamukamu chikhalirecho chipinda chinali chozizira, nsapato za mpira zikugogoda pansi chifukwa mwendo unkanjenjemera wokha. Kochi anangoti "ndakhumudwa nawe", n'kutuluka kupita ku trening'i.

Muyezo wa chilango umene NCAA inaukhazikitsa mu Juni 2023 unali woti madola 200 kutsika mmunsi umangophunzitsidwa malamulo, kufika 500 umataya 10 peresenti ya sizoni, kufika 800 ndi 20, kudutsa apo ndi 30. Ukabetcha pa gemu ya timu yako ndiye mpira wa pa koleji ukhoza kutha mpaka kalekale. Ine anandigwetsera pa 30. Sizoni ya mpira wa pa koleji ndi yaifupi, kuyamba kumapeto kwa Ogasiti, Novembala yatha. Magemu 6 ndili pa benchi nditavala jekete, mnyamata wa chaka choyamba analowa pamalo panga n'kusewera bwino, ndipo sanachokeponso.

Amene amandiwawa mpaka lero ndi mnzanga uja. Anamuitana iyeyo poyamba, masiku awiri ine ndisanaitanidwe, anapereka dzina langa, n'kubwera kuchipinda kudzadya nane mpunga umene ndinaphika ndekha, osanena kanthu. Masiku awiri! Makolo ake anali atamupezera kale loya, ine wondiyankhulira ndinalibe. Kochi nayenso, munthu amene ankaimbira mayi anga pa WhatsApp kuti "mwana wanu ndi mwana wanga", kalata yoti sikolashipu yanga aidula chaka chotsatira inangobwera pa imelo cha kumapeto kwa Juni, ngakhale foni sanaimbe. Ankati si chilango, ndi "zofuna za timu". Nanga munthu wa viza ya ophunzira ya F-1 fizi uitenga kuti? Ntchito umaloledwa maola 20 okha pa sabata, ya pasukulu pomwepo, ndipo ukasiya kuphunzira viza yagwa. Mayi anga anagulitsa puloti yomwe bambo anatisiyira kuti ndimalize. Sanandikalipire, anangofunsa kuti "nanga unkasowa chiyani?"

Chinyengo chake n'chakuti kuchokera mu 2018, pamene Supreme Court, khoti lalikulu la ku America, inachotsa lamulo loletsa kubetcha pa masewera, kulikonse ndi malonda a beti. Pa TV, pa foni, pakati pa gemu yomwe ukuonerayo. Anzako a m'kalasi akubetcha pa gemu imene iweyo ukusewera, ena amakutukwana tiketi yawo ikafa, koma wolangidwa ndi iwe woika madola khumi pa Liverpool. Ndipo mwana wanuyo asadzinamize kuti dzina la wina limubisa. Mu 2023 ku mayunivesite a Iowa ndi Iowa State anyamata ambiri anagwidwa, ena akugwiritsa ntchito maakaunti a makolo awo, chifukwa ma app amenewa amaonetsa pamene foni ili, ndipo apolisi anaona mabeti akuchokera m'nyumba za masewera za pasukulu. Hunter Dekkers, quarterback (wosewera wotsogolera timu pa mpira wa Chimereka) wa Iowa State, sanasewere sizoni ya 2023. Ngati anagwetsa quarterback, mwana wochokera ku Malawi angamuteteze ndani?

Ndiye mumuuze asiye lero, ndipo asafufute kalikonse pa foni, kufufuta ndiye kumaoneka ngati akubisa. Aphatikize yekha zonse zimene anaikapo kuti adziwe pamene waima. Akaitanidwa asaname, kunama kumakulitsa mlandu kuposa betiyo. Koma asalowe mu ofesi imeneyo yekha, ndipo asachite zanga zotsegula foni asanafunsidwe, ayankhe chimene afunsa basi. Mwinanso apite yekha akadziulule asanamutchule wina, amati zimathandiza, ngakhale ine kuulula n'kumene kunandikweza kuchoka pa 20 peresenti kufika pa 30. Akamudula sikolashipu ali ndi ufulu wopempha kuti sukulu imve mbali yake, ine ndinachita manyazi sindinapemphe. Ndipo musamukalipire pa foni yoyamba, mayi, angatseke pakamwa. Ngati mukufuna ndiyankhule naye ndipezeni ku inbox, koma pakati pa sabata, Loweruka ndimakhala pa shifiti.