Ndalama zikakhala zochepa, yambani ndi chisoti

Achimwene, ndawerenga funso lanu lija lakuti mwangogula njinga yamoto yanu yoyamba, ndalama zambiri zathera pa njingayo, ndipo mukufuna kudziwa ngati n'zotheka kupeza zovala zodzitetezera zotchipa koma zodalirika, komanso kuti muyambe kugula chiti. N'zotheka ndithu, bola muzigula chimodzichimodzi motsata kufunika kwake, ndiponso muziyang'ana chizindikiro chosonyeza kuti chovalacho chinayesedwa, osati dzina la kampani kapena kukongola kwake.

Yambani ndi chisoti, ndipo chikhale chatsopano. Pa zonse zimene nditchule pano, ichi chokha ndi chimene sindingakulangizeni kugula kwa munthu amene anachivalapo kale, ngakhale chitakhala chonyezimira motani. Chifukwa chake chabisala m'kati mwa chisoticho. Chigoba cholimba chakunja chija ntchito yake ndi kumwaza mphamvu ya kugunda ndi kuletsa zinthu zosongoka kuti zisaboole, koma chimene chimapulumutsa ubongo ndi thovu louma lokhuthala limene lili pansi pake, lofanana ndi lija amatchinjirizira wailesi yakanema m'katoni. Mutu ukamenya pansi, thovulo limafinyika n'kumeza mphamvu imene ikanafika ku ubongo, ndipo likafinyika kamodzi silifufumanso. Choncho chisoti chimene munthu anagwa nacho chingaoneke chosalala kunja koma m'kati chinatha kale ntchito, ndipo nthawi zina ngakhale wogulitsayo sadziwa zimenezi. Komanso opanga ambiri amalangiza kusintha chisoti pakatha zaka pafupifupi 5, ngakhale musanagwe nacho. Kafukufuku wa mu 2008 wa bungwe lofufuza zaumoyo la Cochrane, amene anasonkhanitsa zotsatira za akatswiri ambiri, anapeza kuti chisoti chimachepetsa imfa ndi 42 peresenti ndipo kuvulala m'mutu ndi 69 peresenti. Palibe chovala china chimene chingakugulireni chitetezo chochuluka chotere.

Kuti mudziwe chisoti chenicheni, tembenuzani lamba wapachibwano. Chisoti chimene chinayesedwa potsata muyezo wa ECE 22.05, kapena 22.06 umene ndi watsopano ndiponso wokhwima kwambiri, chimakhala ndi kansalu kosokedwa pa lambayo kokhala ndi chilembo cha E m'kati mwa kabwalo, motsagana ndi nambala ya dziko limene linachivomereza. Pa manambala otsatirawo mudzaona chilembo cha P, kutanthauza kuti mbali yotchinga chibwano inayesedwanso, kapena J, kutanthauza chisoti chosatchinga chibwano. Chizindikiro cha DOT cha ku America nachonso n'chodziwika, koma dziwani kuti pa muyezo umenewo kampani yopanga ndi imene imadzichitira umboni yokha, ndipo kapepala komata kumbuyo kwa chisoti n'kosavuta kukopera. Ngati chisoti chikupepuka ngati chipewa cha pulasitiki, thovu lake ndi lopyapyala osakwana masentimita awiri, kapenanso lamba wake wangogwidwa ndi timisomali tapulasitiki, chisiyeni. Boma la Britain linayambitsa mu 2007 pulogalamu yotchedwa SHARP, imene imayesa zisoti n'kuzipatsa nyenyezi kuyambira imodzi mpaka zisanu, ndipo zotsatira zake zili pa intaneti kwaulere. Mukaziwerenga mudzaona kuti zisoti zina zotsika mtengo zinapeza nyenyezi zinayi kapena zisanu. Ndalama zowonjezera pa chisoti chodula nthawi zambiri zimagula kupepuka, kuchepa kwa phokoso la mphepo ndi penti wokongola, zinthu zimene mungadikire.

Ine ndimalimbikitsa chisoti chotseka nkhope yonse. Dietmar Otte, katswiri wofufuza za ngozi ku Hannover m'dziko la Germany, anapeza kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a malo amene zisoti zinagunda pa ngozi linali pachibwano. Chisoti chotsegula kutsogolo chimasiya nsagwada ndi mano pambalambanda pamalo enieni amene amakonda kufika pansi. Ndipo musagule musanayese. Yezani mutu wanu ndi tepi pamwamba pang'ono pa nsidze, valani chisoti cha saizi imeneyo kwa mphindi 15, ndipo chizikugwirani masaya mothina koma osapweteka pamphumi. Mukamanga lamba, gwirani kumbuyo kwa chisoticho n'kuyesa kuchikankhira kutsogolo kuti chivuke. Ngati chikuvuka ndi dzanja lanu, chidzavukanso pa ngozi mutu usanafike pansi.

Chachiwiri ndi magolovesi, ndipo ambiri amadabwa ndikawaika patsogolo pa jekete. Munthu akamagwa amatambasula manja asanaganize n'komwe, moti zikhatho ndi zimene zimayamba kukumana ndi phula. Ineyo ndinagwapo ndikukhota pang'onopang'ono pamalo pamene panali mchenga, liwiro losaposa la munthu wothamanga, koma chifukwa ndinalibe magolovesi ndinatha milungu iwiri ndikulephera kugwira cholembera bwinobwino. Funani magolovesi achikopa pachikhatho, okhala ndi chigamba chachiwiri kapena kachidutswa kolimba mmunsi mwa chikhathocho kuti dzanja lizitsetsereka m'malo mokakamira pansi n'kuthyoka, komanso okhala ndi kalamba komanga padzanja. Golovesi lopanda kalambako limavuka msanga. Muyezo wake ndi EN 13594, ndipo zilembo za KP zimasonyeza kuti chotetezera mfundo za zala chinayesedwa.

Za nsapato sinditalikitsa. Zikhale zobisa akakolo, zachikopa cholimba, zosapindika mukazipotokola ndi manja, ndipo zingwe zake zisalendewere pafupi ndi tcheni kapena giya. Jombo zolimba zogwirira ntchito zingakuthandizeni poyambira, kufikira mutapeza nsapato zenizeni zapanjinga za muyezo wa EN 13634.

Pa jekete ndi buluku ndi pamene mungapulumutse ndalama zambiri, koma pamafunika kumvetsa kuti zovalazi zimagwira ntchito ziwiri zosiyana. Yoyamba ndi kupirira kukhuzika pa phula. Munthu woyenda pa liwiro la makilomita 60 pa ola amadutsa mamita pafupifupi 17 pa sekondi iliyonse, ndipo jinzi wamba akakhuzika pa liwiro lotere amabooka sekondi imodzi isanathe, kenako khungu ndi limene limalowa m'malo mwa nsalu. Nsalu zopyapyala za nayiloni zamajekete wamba zili ndi vuto linanso lakuti zimasungunuka ndi kutentha n'kumatirira pa bala. Zimene zimapirira ndi chikopa chokhuthala mamilimita 1.2 kapena kuposa, nsalu yolimba monga Cordura, kapena jinzi wapanjinga wolimbitsidwa ndi ulusi wa Kevlar. Muyezo wa EN 17092 umagawa zovalazi m'magulu, ndipo AAA ndiye gulu lapamwamba, kenako AA, kenako A. Kwa munthu woyamba kumene amene akuyenda m'misewu ya tsiku ndi tsiku, ine ndingasankhe AA, chifukwa chitetezo chake n'chabwino koma chovalacho sichilemera kapena kutentha mopambanitsa.

Ntchito yachiwiri ndi kuchepetsa mphamvu ya kugunda, ndipo imeneyi imagwiridwa ndi zotchinjiriza zimene amalowetsa m'matumba a pamapewa, m'zigongono, m'mawondo, m'chiuno ndi kumsana. Zitulutseni muziwerenge. Za m'mapewa, m'zigongono ndi m'mawondo zimalembedwa EN 1621-1, zakumsana EN 1621-2, ndipo pali Level 1 ndi Level 2. Pa chotchinjiriza msana, Level 2 imalola theka lokha la mphamvu imene Level 1 imalola kudutsa. Chenjerani apa, chifukwa majekete ambiri otchipa amabwera ndi kasiponji wamba kumsana kamene kamangodzaza thumba popanda kuteteza kalikonse. Ubwino wake ngwakuti zotchinjirizazi zimagulitsidwa pazokha, motero mungagule jekete lotchipa la nsalu yabwino lero, mwezi wamawa n'kugula chotchinjiriza msana chenicheni. Onetsetsaninso kuti jeketelo likukugwirani thupi, pakuti likakhala lokhwepa chotchinjiriza chigongono chimasuntha n'kupita kwina panthawi imene chikufunika.

Majekete ndi mabuluku a kaunjika, kapena ogula kwa okwera anzanu amene asiya njinga, alibe vuto lililonse ngati mwawafufuza bwino, chifukwa mosiyana ndi chisoti, kuwonongeka kwake kumaoneka ndi maso. Kokani misoko ya pamapewa ndi m'mikono kuti muone ngati ulusi ukutseguka, yesani zipi kangapo, ndipo pindani chikopa kuti muone ngati chauma n'kuyamba kung'aluka. Zotchinjiriza zakale zimene zauma gwa kapena zikuyoyoka muzitaye n'kuikamo zatsopano. Njira ina ndi kufunsa ogulitsa ngati ali ndi katundu wa chaka chatha, amene kawirikawiri amatsitsidwa mtengo chifukwa chakuti kwabwera mitundu yatsopano, pamene chitetezo chake n'chimodzimodzi.

Ganiziraninso za nyengo imene muziyendamo. Jekete lolemera lachikopa limene muzilisiya pa msomali dzuwa likaswa mtengo silidzakutetezani, choncho ngati kumene muli n'kotentha, sankhani jekete lokhala ndi nsalu ya timabowo tolowetsa mphepo pachifuwa ndi kumsana koma lolimba pamapewa ndi m'zigongono. Za mvula musawonongerepo ndalama pakali pano. Chovala chamvula wamba chovala pamwamba pa jekete chikwanira.

Posankha mtundu, tsatani zowala. Lipoti la Harry Hurt la mu 1981, limene linafufuza mozama ngozi 900 za njinga zamoto ku Los Angeles, linapeza kuti pa ngozi zogundana ndi galimoto, magawo awiri mwa atatu zinachitika chifukwa woyendetsa galimotoyo analowerera njira ya wanjinga, kawirikawiri asanamuone n'komwe. Chisoti choyera sichidula kuposa chakuda, ndipo ngati jekete limene mwapeza ndi lakuda, gulani kavesiti konyezimira kovala pamwamba, makamaka ngati muziyenda m'mamawa kwambiri kapena kukada.