Za kampeni ya Loweruka ija, mvereni za mchimwene wanga

Mayi, mwafunsa ngati mungalole mwana wanu kupita ku kampeni yolimbana ndi mankhwala osokoneza bongo ya Loweruka pa bwalo la mpira. Musaganize kuti kampeniyo ndi imene ichotse chamba m'thumba la mwana wanuyo. Kwathu kunabwera a bungwe lina pa 26 June, tsiku lija dziko lonse limakamba zolimbana ndi mankhwala osokoneza bongo. Kunali DJ, sewero, mpira, ma T-sheti. Mchimwene wanga wamng'ono analandira yake, anavina, anamujambula. Madzulo ake anakasuta kuseri kwa sukulu atavala T-sheti yomweyo. Ndipo bambo amene ankawagulitsa ndudu za chambazo ndi midoli anakhala kutsogolo pamodzi ndi mafumu, n'kulandiranso alawansi. Mudzi wonse unkadziwa, palibe anatsegula pakamwa.

Zinadzatiphulikira pakati pa usiku. Anadzuka akukuwa kuti pa wailesi akunena za iye, wailesiyo ili yozima. Anatenga mpini wa khasu n'kuyamba mawindo, limodzi limodzi, magalasi akumucheka koma iye osamva kupweteka, magazi pakhoma ponse. Amayi athu anabisala m'bafa ndi mwana wanga, akumutseka pakamwa kuti asalire. Anyamata a kwa aneba ndi amene anamugwetsa, tinamumanga ndi chingwe cha mbuzi, miyendo ndi chitenje cha amayi cha ku tchalitchi. Iye n'kumandiyang'ana, akunditchula dzina la munthu wina. Kutacha m'pamene tinaona kuti makina osokera a amayi kulibe, anagulitsa kalekale.

Amalume anaumirira kuti walodzedwa, tinataya mbuzi ndi nthawi kwa asing'anga tisanapite naye ku Zomba Mental. A bungwe aja ndinawaimbira ndikulira. Akuti ntchito yawo ndi yodziwitsa anthu basi. Kudziwitsa chiyani, mwana akudziwa kale amene amagulitsa ndi mtengo wake?

China chimene samafotokoza: mu 2020 Nyumba ya Malamulo inavomereza chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale, cholima ndi laisensi. Anyamata anangomva zoti chamba achiloleza. Kusuta ndi mlandube. Masacheti nawonso analetsedwa, koma mowa womwewo unabwerera m'timabotolo.

Komabe wanuyo musamukanize, apite ku kampeniko, ndipo mupite naye limodzi, mwina mungapezeko namwino kapena mlangizi woti mutenge nambala yake. Akakhala kuti wayamba kale kusagona, kudzilankhulira yekha kapena kusowetsa katundu, musadikire Loweruka, pitani naye kuchipatala cha boma, kapena ku St John of God ku Mzuzu kapena ku Lilongwe, amathandiza za uchidakwa ndi chamba. Musamumenye, amathawira kwa anzake omwewo. Koma ndalama ya fizi musamupatsenso m'manja, kalipireni nokha kusukulu.