Funsani Achipatala: Mapiritsi a BP ndi a Mafuta M'magazi

Makalata ambiri omwe afika mwezi uno akufunsa za mapiritsi a BP ndi a mafuta m'magazi, ndiye ndawaika pamodzi. Ena ndawadula chifukwa cha malo, ndipo mayina ndawabisa monga mwa masiku onse. Ine ndikuyankha ndisanakuyezeni, choncho amene amakuonani maso ndi maso kuchipatala ndiwo ali ndi mawu omaliza.

FUNSO: Adokotala, ndine bambo wa zaka 56, ndimagulitsa zipangizo za njinga mumsika waukulu wa Zomba. Chaka chatha anandipeza ndi BP ya 168 pa 102 ndipo anandipatsa mapiritsi a HCT (hydrochlorothiazide) ndi amlodipine. Pano akandiyeza ikumakhala 128 pa 82. Mwezi wathawu anandiyeza magazi n'kunena kuti mafuta achuluka, andiwonjezera simvastatin woti ndizimwa pogona. Mutu unasiya kale kupweteka, koma madzulo akakolo akumatupa mpaka nsapato kuthina. Alamu anga akuti mapiritsiwa akundimaliza impso. Kodi ndisiye, poti BP inatsika? Komanso ine ndine wochepa thupi, mafutawo abisala pati? (Bambo a ku Chinamwali)

YANKHO: Bambo, musasiye. 128 pa 82 imeneyo ndi ntchito ya mapiritsiwo, sikuti matendawo achoka. Inu a njinga mukudziwa bwino: munthu akamatsika msewu wa ku Chawe atagwira mabuleki, njinga imayenda mofatsa, koma phiri silinathe. Mukasiya lero, pakatha masabata ochepa BP ibwerera komwe inali, ndipo inu simudzamva kanthu.

Kusamva kanthuko ndiye kumapha anthu. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita mothandizana ndi WHO m'chaka cha 2009 anapeza kuti mwa Amalawi atatu aliwonse a zaka 25 mpaka 64, mmodzi anali ndi BP yokwera, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa n'komwe. Odwala sitiroko amene ndimawaona atagonekedwa, pakamwa patapindika, dzanja litafa, achibale awo amanena zofanana: dzulo anali bwinobwino, anapita n'kumunda komwe.

Tsopano akakolo. Chimene mukuchifotokozacho n'chodziwika kwambiri ndi amlodipine, makamaka kwa amene akumwa 10 mg. Mankhwalawa amatsitsa BP potakasa timitsempha ting'onoting'ono ta magazi, ndiye madzi ena amadutsa n'kukasonkhana kumapazi. Munthu woimirira tsiku lonse pabenchi ngati inu, kuphatikiza kutentha kwa Okutobala, kutupako kumakula madzulo n'kuphwa usiku mukagona. Nthawi zambiri impso sizikhudzidwa. Kauzeni amene amakulemberani mankhwala. Atha kutsitsa amlodipine kufika 5 mg n'kuwonjezera enalapril, ndipo kwa ambiri kutupako kumachepa. Musakagule nokha Lasix kuti muphwetse miyendo, sathandiza kwenikweni kutupa kwa mtundu umenewu, angokufoolani. Koma ngati nkhope ikutupa m'mawa, mukubanika mukagona chagada, mkodzo ukuchita thovu lambiri, kapena mwendo umodzi wokha watupa n'kumapweteka, imeneyo ndi nkhani ina, musadikire tsiku la kiliniki.

Ine amlodipine sindifulumira kumuchotsa kwa munthu. M'chaka cha 2019 kunatuluka zotsatira za kafukufuku wotchedwa CREOLE, yemwe anachitikira m'maiko 6 a mu Africa muno, kuphatikizapo Mozambique, Kenya ndi Nigeria. Anapeza kuti mwa anthu akuda, mapiritsi awiri ophatikiza amatsitsa BP bwino ngati mmodzi mwa iwo ndi amlodipine. Ndiye amene anakulemberani HCT ndi amlodipine sanangolota.

Alamu anuwo muwauze kuti chimene chimamaliza impso ndi BP yosasamalidwa, ndipo makina a boma otsuka magazi impso zikafa ali m'zipatala zazikulu zochepa chabe, monga ku Queens ku Blantyre. Ngati akufuna mapiritsi oti awaope, aope Brufen, diclofenac ndi Indocid omwe anthu amagula paokala n'kumamwa tsiku ndi tsiku msana ukamapweteka. Amenewo amakweza BP, amafooketsa mphamvu ya mapiritsi anu, ndipo akakumana ndi HCT pamodzi ndi enalapril impso zimavutika zedi. Thupi likaphwanya, yambani ndi Panado.

Za mafuta: mafuta a m'magazi omwe anakuyezaniwo, otchedwa kolesitolo, si mafuta a pamimba. Wambiri amapangidwa ndi chiwindi chanu chomwe, ndipo pali mabanja ena omwe chiwindi chawo chimapanga wochuluka ngakhale munthu atakhala wowonda chotani. Mtundu womwe timauopa umalembedwa kuti LDL papepala la ku labu. Umamatirira m'kati mwa mitsempha pang'onopang'ono kwa zaka, njira ya magazi n'kumachepa, ndipo pamene BP ilinso yokwera ngozi ya sitiroko ndi matenda a mtima imakula. Simvastatin amakagwira chiwindi kuti chichepetse kupanga. Anakuuzani kuti muzimwa pogona chifukwa chiwindi chimapanga kolesitolo wambiri usiku, ndipo simvastatin sakhalitsa m'thupi. Mnzake atorvastatin amakhalitsa, ndiye amamwedwa nthawi iliyonse bola ikhale yomweyomweyo.

Tsegulani kabuku kanu muone mlingo womwe analemba. Munthu amene akumwa amlodipine sayenera kupitirira 20 mg ya simvastatin, chifukwa amlodipine amachititsa kuti simvastatin achuluke m'magazi. Ngati analemba 40 mg, kafunseni mwaulemu, ndi chinthu chosavuta kukonza. Minofu ya m'ntchafu ndi m'mapewa ikayamba kuwawa popanda ntchito yolemetsa yomwe mwagwira, kanene. Ikawawa kwambiri, mkodzo n'kuda, siyani simvastatin yekhayo n'kupita kuchipatala tsiku lomwelo. Zotere sizichitikachitika, koma zikachitika n'zoopsa.

FUNSO: Ndine mphunzitsi, mayi wa zaka 34. Ndakhala ndikumwa enalapril miyezi 5. Ndili ndi chifuwa chouma chosatha, chokanda pakhosi, usiku sindigona. Makhololo anayeza, TB palibe. Mankhwala a chifuwa ndamwa mabotolo angapo osasintha, ndipo anthu ayamba kundiyang'ana mokayikira. China n'chakuti ndinasiya jakisoni wolera chifukwa ine ndi bambo a kunyumba tikufuna mwana wachiwiri. (Mayi a ku Thondwe)

YANKHO: Mayi, munachita bwino kuyezetsa TB, chifukwa kuno chifuwa chopitirira masabata awiri sitichiseweretsa. Koma chifuwa chanucho chikuoneka kuti n'cha enalapril. Pafupifupi munthu mmodzi mwa 10 omwa mankhwalawa, kapena mnzake captopril, amatsokomola chotere: chouma, chopanda makhololo, chovuta usiku. Mabotolo a chifuwa simudzawamaliza, sachimva. Chimatha mankhwalawo akasinthidwa, kawirikawiri m'sabata imodzi kufika zinayi, ngakhale kwa ena chimachedwerapo. Bambo kapena mayi wamkulu tikanamusinthira ku losartan, yemwe amagwira ntchito yofanana popanda chifuwacho.

Inuyo losartan ayi, ndipo chiganizo chanu chomaliza ndicho chandidetsa nkhawa kwambiri. Enalapril, captopril ndi losartan sayenera kumwedwa ndi mayi woyembekezera. Amawononga impso za mwana ali m'mimba, madzi omwe mwana amakhalamo amachepa, ndipo mwana atha kupitirira. Poti munasiya kulera, pitani kuchipatala sabata ino, mukayezetse ngati muli ndi pakati, ndipo muwauze poyera kuti mukufuna mwana. Alipo mankhwala a BP omwe timapereka kwa amayi oyembekezera, monga methyldopa, yemwe ambiri amamudziwa kuti Aldomet, ndi nifedipine. Musangokhala opanda chilichonse, chifukwa BP yokwera pa nthawi ya pakati ndiyo imabweretsa kukomoka ndi kuphupha kuja komwe kumatenga amayi. Mukadzaima, sikelo muyambe msanga, mwezi wachitatu usanathe, osati kudikira kuti mimba ioneke. Mapiritsi a mafuta m'magazi nawonso timawaimitsa mayi akaima komanso akamayamwitsa.

Kwa ena onse omwa enalapril: milomo, lilime kapena nkhope zikatupa mwadzidzidzi, musamwenso, thamangirani kuchipatala ngakhale pakati pa usiku. Kutupa kumeneku kumatha kutseka pakhosi, ndipo kumagwira kwambiri ife anthu akuda kusiyana ndi azungu.

FUNSO: Ndimamwa ma ARV a gulu lachiwiri, aja okhala ndi atazanavir. Kuchipatala china cholipira anandiyeza n'kundipatsa simvastatin. Sindinawauze za ma ARV chifukwa wolandira alendo pamenepo ndi wa kumpingo kwathu. Pali vuto? (Owerenga a ku Sadzi)

YANKHO: Vuto lilipo, ndipo simvastatin ameneyo muyambe mwamuika pambali mpaka mutaonana ndi achipatala. Atazanavir amabwera pamodzi ndi ritonavir, ndipo ritonavir amatchinga njira yomwe chiwindi chimachotsera simvastatin m'thupi. Mankhwalawo amaunjikana mpaka kuphwanya minofu, zophwanyikazo n'kukatseka impso. N'chimodzimodzi ndi lopinavir. Amene ali pa gulu limeneli timawapatsa atorvastatin wa mlingo wochepa, kuyambira 10 mg, ndipo ngati akufunikanso amlodipine timayamba motsika. Ma ARV anu musawakhudze, pitirizani kumwa monga mwa nthawi zonse. Amene ali pa mankhwala okhala ndi dolutegravir, omwe dziko lino linayamba kupereka kwa anthu ambiri mu 2019, alibe vuto limeneli.

Manyazi anuwo ndikuwamvetsa, Zomba ndi yaing'ono, tonse timakumana ku maliro ndi ku Mpondabwino. Koma wolandira alendo safunika kudziwa kanthu. Mukalowa m'chipinda, chitseko chitatsekedwa, tulutsani mabuku onse awiri muwapatse adokotala. Kapenanso tengani pepala la zotsatira za mafutawo mupite nalo kumene mumalandirira ma ARV, akakusankhireni okha.

FUNSO: Mayi anga ali ndi zaka 68, amakhala ku Jali. Kuchipatala chaching'ono komwe amalandirira mankhwala anawauza kuti mapiritsi atha, abwere mwezi wamawa. Kuyambira pamenepo akumwa adyo, mandimu, ufa wa chamwamba ndi botolo lina lomwe anagula padepoti, loti limatsuka magazi. Akuti zachilengedwe n'zabwino kuposa mapiritsi. Amamwa HCT ndi atenolol. Nditani? (Mwana wawo, Matawale)

YANKHO: Achemwali, choyamba tengani kabuku ka mayi, mupite nako kwa achipatala akulembereni, mukagule ku famase yovomerezeka. HCT ali m'gulu la mapiritsi otsika mtengo kwambiri. Atenolol ndiye wosafunika kumusiya mwadzidzidzi, chifukwa mtima umayamba kugunda mothamanga ndipo BP imalumpha. Poti papita masiku, ayambe ayezedwa BP ndi kugunda kwa mtima asanayambirenso. Ndikanakhala ine ndikanafunsanso ngati mayi wa msinkhu umenewu, wopanda vuto lina la mtima, sangachite bwino pa amlodipine m'malo mwa atenolol. Asabwereke mapiritsi kwa anzawo a ku Mvano, ngakhale atafanana mtundu.

Adyo ndi chamwamba adye ndithu, ndi ndiwo zabwino, koma sizingatsitse BP ya 170 kufika pabwino. Botolo la padepotilo ndilo sindikulifuna. Palibe akudziwa zomwe zilimo ndi mlingo wake, ndipo mankhwala ogulitsidwa m'dziko muno amayenera kudutsa ku bungwe la boma loyang'anira mankhwala la PMRA. Mukawauze mayi kuti mapiritsiwanso gwero lake n'chilengedwe chomwecho. Mankhwala oyamba a mtundu wa simvastatin anawapeza wasayansi wa ku Japan, Akira Endo, m'zaka za m'ma 1970, kuchokera ku chuku. Captopril anapangidwa anthu ataphunzira ululu wa njoka ina ya ku Brazil. Kusiyana kwake n'kwakuti izi zinayezedwa, tikudziwa kuti piritsi limodzi lili ndi zingati.

Ngati mayi akufuna chochita ndi manja awo, ayang'ane mchere. WHO imati munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 pa tsiku, kapena kuti supuni imodzi yaing'ono ya tiyi, kuwerengera zakudya zonse. Soda wothira m'therere ndi m'masamba amathanso kukweza BP, chimodzimodzi timibulu tokometsera ndiwo tija. Nsomba zouma zothira mchere aziyamba aziviika n'kutaya madziwo, ndipo mchere wa pambali pa mbale uchoke. Tsiku lina mukadzaona pakamwa papindika, dzanja lalefuka kapena mawu akukokeka, musawapatse phala kapena madzi, atha kutsamwa. Pezani galimoto.

FUNSO: HCT akundidzutsa katatu usiku kukataya madzi. Komanso ndikaiwala tsiku limodzi, mawa lake ndimwe awiri? (Agogo a ku Domasi)

YANKHO: Agogo, HCT muzimwa m'mawa ndi phala, osati madzulo, chifukwa ntchito yake ndi kutulutsa mchere ndi madzi kudzera mu mkodzo. Mukasintha nthawi koma kudzukako osatha, kayezetseni shuga, ndipo ngati ndinu abambo akaonenso prostate, kachiwalo ka abambo komwe kali pansi pa chikhodzodzo. Mukaiwala, musamwe awiri. Mukakumbukira tsiku lomwelo imwani, likadutsa ingopitirizani mawa ndi limodzi. Podzuka pamphasa muziyamba mwakhala tsonga kaye pang'ono musanaimirire, chifukwa mapiritsi a BP amatha kubweretsa chizungulire kwa achikulire. Chala chachikulu cha kuphazi chikadzatupa n'kumawawa ngati moto, kauzeni achipatala kuti mumamwa HCT, amatha kuyambitsa gout ndipo adzakusinthirani.