Chingwe cha winch chikaduka, kodi glider imagwa?

Wowerenga wina watitumizira imelo. Wangoyamba kuphunzira kuulutsa glider, ndege zopanda injini zija, ndipo komwe amaphunzirako amanyamuka pokokedwa ndi winch, makina a injini amene amakhala kumapeto kwa bwalo n'kumakulunga chingwe chachitali chokoka ndegeyo. Akuti mphuno ya ndege ikangoloza kumwamba, mtima wake umagunda kuti thi thi thi. Funso lake ndi lakuti: chingwe chitaduka pamenepo, sitigwa ngati mwala?

Ayi, simugwa. Aphunzitsi amamasula chingwe mwadala kuti muzolowere, ndipo sangakuloleni kuuluka nokha musanakhoze zimenezo. Zimene zimavulaza anthu ndi zitatu: phiko kukhudza pansi, kudzutsa mphuno mwaphuma, ndi kukhota liwiro lisanabwerere. Bungwe la oulutsa ma glider ku Britain, British Gliding Association, lakhala likutsindika zimenezi kuyambira mu 2005, ndipo ziwiri zoyambazo zimachitika ndege ikadali pafupi ndi udzu, pamene ophunzira ambiri sanayambe n'komwe kuopa.

Tiyambire pansi. Winch imakoka mwamphamvu moti m'masekondi atatu kapena anayi mumakhala mwafika pa liwiro loulukira. Chingwe chimakoledwa pa mbedza ya kumimba kwa ndege, osati ya kumphuno, choncho ndege sichedwa kupatuka. Nsonga ya phiko ikakodwa mu udzu, phikolo limaima koma linzakelo limapitirira n'kukwera, ndege n'kugudubuzika ngati gudumu la ngolo. Mukadikira kuti phiko ligunde pansi mwachedwa kale. N'chifukwa chake dzanja lamanzere limakhala pa chogwirira chachikasu chomasulira chingwe kuyambira pamene chingwe chayamba kukungika. Ligwire ndithu, osati kungokhala pafupi. Mukaona phiko likutsika ndipo ndodo yowongolera sikulibweza, kokani, osayamba mwaganiza za anthu amene ali pamzere. Musananyamuke onani ngati udzu si wautali, ngati chingwe chagona molunjika kutsogolo kwa ndege, komanso kumene mphepo ikuchokera. Wogwira phiko athamange nalo n'kulisiya, asalikokere m'mbuyo.

Kanthu kena kamene anthu amakapeputsa ndi khushoni. Yofewa imafinyika winch ikakoka, thupi n'kutsetserekera m'mbuyo, dzanja n'kukoka ndodo osafuna. Khalirani yolimba, malamba mumange kwambiri, zopondera mapazi zikhale pafupi.

Mukachoka pansi musathamangire kuimika mphuno. Kwerani pang'ono kaye, muone kuti liwiro lakwana ndipo likuwonjezekabe, kenako dzutsani mphuno mwapang'onopang'ono, masekondi osachepera asanu kuti mufike pa kukwera kwenikweni. Chifukwa chake n'chakuti pamene ndege ikupindira m'mwamba, mapiko amasenza katundu woposa kulemera kwa ndegeyo, ndiye liwiro limene amalephera kunyamula, limene oulutsa amati stall, limakwera. Liwiro limene limakukwanirani pouluka bwinobwino likhoza kuchepa pamenepa, phiko limodzi n'kugwa mwadzidzidzi muli mamita 20 okha kuchoka pansi. Palibe malo okonzera.

Nanga liwiro likachuluka? Ndege iliyonse ili ndi malire ake pa winch, olembedwa m'kati momwe mumakhala. Ya mipando iwiri yotchedwa ASK 21 malire ake ndi makilomita 150 pa ola. Koma kupyola malirewo pang'ono mukadali m'munsi si chifukwa chomasulira chingwe mwamantha kapena kukoka ndodo kuti liwiro litsike. Ndege imatetezedwa ndi weak link, kachitsulo kamene kanapangidwira kuduka mapiko asanapwetekedwe. Za kampani ya Tost zimadziwika ndi mtundu: yakuda imaduka pa 1000 daN (mphamvu yokoka yofanana ndi kulemera kwa makilogalamu pafupifupi 1000), yabulauni 850, yofiira 750, yabuluu 600, yoyera 500. ASK 21 imafuna yakuda. Wokolekera chingwe akuonetseni mtunduwo, muuone ndi maso anu. Liwiro likachulukitsa, gwedezani mchira uku ndi uku ndi zopondera kuti wa pa winch achepetse. Likachepa, tsitsani mphuno, ndipo likapanda kubwerera masulani.

Tsopano pa funso lanu. Chingwe chikaduka mumamva kuti phwa, ndege n'kupepuka. Nthawi zina simumva kanthu, injini ya winch imangofooka, ndipo imeneyi ndiye yoopsa chifukwa munthu umangoyembekezera kuti ikokanso. Mphuno ili pa madigiri 45, ndege imataya pafupifupi makilomita 25 pa ola sekondi iliyonse. Ndiye kankhani ndodo nthawi yomweyo, mphuno itsike kupyola mmene imakhalira potera. Fumbi la pansi pa mpando likhoza kuuluka, m'mimba n'kumva ngati mwasiyidwa m'malere. Zimenezo si stall, n'kupepuka chabe. Mukakhala pafupi kwambiri ndi pansi, tsitsani mphuno moyenerera, musaibaye m'nthaka.

Msampha uli apa. Mphuno ikatsika, maso amakuuzani kuti zonse zili bwino, chonsecho liwiro likadali lochepa, ndipo pamatha masekondi angapo lisanabwerere. Amene amakhota kapena kutsegula ma airbrake (mabuleki a pamapiko othandiza ndege kutsika msanga) pa nthawi imeneyi ndi amene ndege imawazungulira n'kugwa chamutu. Dikirani, maso pa singano ya liwiro, mpaka ifike pa nambala yoterera imene munasankha musananyamuke. Kokani chachikasu kawiri kuti chotsala cha chingwe chigwe. Mukatero m'pamene mufunse kuti, kodi kutsogoloku malo akukwana? Ngati akukwana, terani komweko, ngakhale kukankha ndege kubwerera kukhale ulendo wautali. Ngati sakukwana, kawirikawiri ndiye kuti muli pamwamba ndithu, ndipo mumakhotera mbali imene mphepo ikupita kuti pobwerera muyang'anizane nayo. Cholinga si kukatera pamene munanyamukira, malo aliwonse abwino pabwalopo ndi okwanira.

Zonsezi sizingaganizidwe chingwe chitaduka kale. N'chifukwa chake pa zofufuza musananyamuke, chomaliza ndi kunena mokweza kuti liwiro loterera lero ndi lakuti, kutsogolo kukachepa tikhotera kwakuti, phiko likatsika ndimasula. Pemphani aphunzitsi anu kuti mawu amenewa muzinena inuyo pa ulendo uliwonse, ndipo akuyeseni kuduka kwa chingwe m'munsi, pakati ndi pamwamba, kuphatikizapo kuja kwa winch yongofooka mwakachetechete.