Mafunso a Kukhitchini: Nyemba Zoyera za Msuzi Wogwirana Pakati pa Sabata

Funso: Ndine mayi wa ana atatu ndipo ndimafika kunyumba cha m'ma 6 koloko madzulo ndikaweruka kuntchito. Banja langa limakonda nyemba zoyera zija timati kayera, koma ndimangoziphika Loweruka chifukwa zimakhalitsa pamoto ndipo zimatha makala. Ndikati ndiphike mothamanga, nyemba zimakhala pazokha, msuzi pawokha, wamadzimadzi. Mnzanga wina akuti ndizithiramo kirimu wa m'sitolo, koma mtengo wake sindingaukwanitse sabata iliyonse. Kodi pali njira yophikira ndiwo zimenezi mwachangu, msuzi wake n'kukhala wogwirana bwino? Mayi wa ku Area 25, Lilongwe.

Yankho: Mayi, njirayo ilipo, ndipo kirimu musamuganizire n'komwe. Koma ndiyambe ndi kunena chilungamo: nyemba zouma sizingapse m'mphindi 20 pa mbaula ya makala kapena ya magetsi. Changu chimene mukufunacho chimachokera ku ntchito yogwiriratu tsiku limene muli ndi mpata, kuti Lachiwiri kapena Lachinayi madzulo kutsale kungokazinga ndi kukonza msuzi.

Lachisanu usiku sankhani nyemba zanu, muchotse timiyala ndi zofumbwa, muzitsuke, kenaka muziviike m'madzi ambiri kwa maola 8 mpaka 12. M'mawa mutaye madzi oviikirawo, muthire ena, ndipo nyembazo zibwate mwamphamvu kwa mphindi zosachepera 10 musanachepetse moto. Mphindi zimenezi musazinyozere, chifukwa nyemba zosapsa bwino zili ndi chinthu china chachilengedwe chimene chimachititsa nseru, kusanza ndi kutsegula m'mimba, ndipo chimatha pokhapokha madzi atawira kwenikweni. Zikatero, zisiyeni pamoto wodekha mpaka nyemba imodzi izinyenyeka mosavuta mukaifinya ndi zala. Nyemba za chaka chomwecho zoviikidwa bwino zimapsa pafupifupi m'ola limodzi, pamene zogonera nthawi yaitali m'thumba zimaumirira, n'chifukwa chake pogula kumsika ndi bwino kufunsa ngati zili zatsopano. Amene amakhala kumalo okwera monga Dedza ndi Ntcheu, kumene nyemba zambiri zimachokera, adziwenso kuti madzi kumeneko amawira asanatenthe ngati mmene amachitira ku Salima kapena ku Nsanje, choncho mphika umachedwerapo.

Phikani zochuluka, zokwanira kudya kawiri kapena katatu, popeza makala ake ndi omwewo. Zikazizira, zisungeni pamodzi ndi madzi ake m'makontena otseka bwino. Mufiriji zimakhala masiku 3 kapena 4, ndipo zimene mukufuna kudzadya kumapeto kwa sabata ziikeni mbali ya firiji yozizira kwambiri imene madzi amaundana. Madzi ophikira nyembawa musataye ngakhale pang'ono, chifukwa msuzi wathu uchokera mmenemo. Ngati magetsi azima kwa nthawi yaitali ndipo nyembazo zayamba kununkha kapena kuchita thovu, zitayeni, musayese kuziwiritsanso.

Tsopano tifike pa tsiku la ntchito. Kwa anthu asanu tengani makapu 4 a nyemba zophikaphika. Thirani masipuni 2 a mafuta m'poto, mukazingemo anyezi mmodzi wamkulu woduladula pamoto wapakati mpaka afewe ndi kuyamba kufiirira. Onjezani tizidutswa 3 ta adyo wosinja, mutakase kanthawi kochepa chabe, chifukwa adyo akapserera amawawitsa ndiwo zonse. Kenaka ikani tomato 2 wakupsa bwino, mchere ndi kambuzi pang'ono ngati ana amapirira tsabola, ndipo mudikire mpaka tomatoyo asungunuke, mafuta aoneke pamwamba. Apa m'pamene muthire nyemba ndi kapu imodzi ya madzi ake aja.

Chinsinsi cha msuzi wogwirana chili m'nyemba momwemo. M'kati mwa nyemba iliyonse muli ufa wosalala umene sungatuluke khungu likadali lathunthu, n'chifukwa chake msuzi wanu umalekana ndi nyemba. Patulani kapu imodzi ya nyembazo, muzinyenye ndi mthiko kapena kumbuyo kwa chipande mpaka zikhale ngati phala, muzibwezere m'poto, ndipo mutakase pamoto wochepa kwa mphindi 8 kapena 10. Mudzaona msuzi ukusintha, ukuyera ndi kumatirira pa mthiko. Amayi athu ankadziwa kale zimenezi pophika chipere, pamene ankachotsa makungu onse ndi kupota nyembazo mpaka zisalale. Ife pano tikungobwereka nzeru yomweyo, koma tikusiya zambiri zathunthu kuti pakhale chotafuna. Nyemba zoyera ndimazikonda pa ntchito imeneyi kuposa nanyati kapena zofiira, chifukwa khungu lake ndi lopyapyala ndipo kukoma kwake ndi kofatsa, kotero zimalandira adyo ndi anyezi bwino kwambiri.

Mukafuna kuti zinone, sungunulani masipuni 3 a nsinjiro m'madzi ofunda pang'ono, muthire m'poto ndipo ziwire mphindi zina 10 kuti nsinjiroyo ipse, isamveke fungo la mtedza wauwisi. Ine ndimaona kuti nsinjiro imaposa kirimu, popeza imagwirizana ndi nsima ndipo ana amakhuta nayo. Theka la kapu ya mkaka limathandizanso, koma muthire kumapeto moto mutachepetsa, chifukwa mkaka ukawira pamodzi ndi tomato umachita timibulu ngati chambiko. Masamba a mpiru, repu kapena bonongwe odula mopyapyala, mukawaika m'mphindi 5 zomaliza, ndiye kuti ndiwo zamasamba mwaphikira kumodzi. Zonsezi zimatha nsima kapena mpunga wa Kilombero usanapse.

Pali zinthu ziwiri zimene ambiri amalakwitsa pa tsiku lowiritsa lija. Choyamba ndi kuthira tomato nyemba zisanafewe: kuwawasa kwa tomato kumalimbitsa khungu, ndipo mphika umatha kukhala pamoto maola ambiri osapsa. Chachiwiri ndi soda. N'zoona kuti amafewetsa msanga, koma amawononga ena mwa mavitamini a m'nyemba, ndipo akachuluka ndiwo zimamveka ngati sopo. Ngati mwaviika usiku wonse, soda safunikanso. Mchere wokha sulimbitsa nyemba monga ambiri amaopera, ndipo mukauthira pang'ono powiritsa umalowerera mpaka m'kati.

Funso: Ndine bambo ndipo ndimakhala ndekha kuno ku Johannesburg. Nthawi yoviika nyemba ndilibe. Kodi za m'chitini zingathe kuphikidwa mwanjira yomweyi?

Yankho: Zingatheke, bambo, ndipo kwa inu mphindi 15 ndi zokwanira chifukwa nyemba za m'chitini ndi zopsa kale. Posankha m'sitolo yang'anani zolembedwa kuti butter beans kapena cannellini, zimene zimakhala m'madzi amchere, osati baked beans zija za msuzi wa tomato wotsekemera, popeza shuga wake sagwirizana ndi kaphikidwe kameneka. Chitini chimodzi cha magalamu 400 chimakwanira munthu mmodzi wanjala kapena awiri ngati pali nsima. Lawani madzi a m'chitinimo: ngati mchere wake suli wambiri, agwiritseni ntchito chifukwa amathandiza kuti msuzi ugwirane, koma ngati ndi owawa mchere, atayeni, mutsuke nyembazo ndi kuthira madzi wamba. Kazingani anyezi, adyo ndi tomato monga ndafotokozera pamwambapa, munyenye gawo limodzi mwa magawo anayi a nyembazo, ndipo mchere muthire mutalawa kaye. Zotsala musazisiye m'chitini chotsegula. Zikhuthulireni m'mbale yovundikira, muziike mufiriji.