Ife chimatisunga ndi kope limodzi lakale

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga kawiri ndipo ndaseka ndekha, chifukwa zili ngati mukunena za ife. Mukuti munaphunzira limodzi zojambulajambula ku Chanco, papita zaka zoposa 10 osaonana, gulu lanu la WhatsApp latsala la "mwadzuka bwanji" ndi mauthenga a maliro, ndiye mukufunsa mmene mungakonzere mkumano waukulu woti a ku Joni ndi a ku UK omwe abwere. Mundipirire, ndiyankha motalika, chifukwa njira imeneyo ife tinaiyenda ndipo inatipweteka.

Ife tinatuluka pa Chirunga, ku Chanco komweko, mu 2004. Amene tinalimbikira za kujambula ndi kusema mpaka kumapeto tinalipo 11. Anzathu a zamalamulo ankatiseka kuti boma likutaya ndalama pa anthu ophunzira kupaka penti. Lero amene akudyabe za burashi ndi atatu okha. Anayi ndife aphunzitsi a sekondale, wina ali ku banki, wina amasamalira okalamba ku Leeds, wina amayendetsa galimoto ku Joni, ndipo mmodzi tinamuika m'manda.

Mkumano waukuluwo tinauyesa. Tinasankha komiti, wapampando, mlembi, msungichuma, zonse monga mwa mwambo wathu Amalawi tikangokwana asanu. Mwezi ndi mwezi tinkasonkha, a kuno pa Mpamba ndi Airtel Money, a kunja pa Mukuru. Tinagwirizana kuti Disembala 2023 tikakhale masiku atatu kunyanja. Mu Novembala chaka chomwecho kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, malo ogona anakweza mitengo, ndipo zomwe tinasonkha miyezi yonseyo zinangokwana theka. Koma si kwachayo inatigwetsa. Chinatigwetsa n'chakuti ndalama zinaika poyera zomwe tonse tinkazibisa. Wa mapaundi ankati tingoonjezera, si zambiri. Mphunzitsi wa ku Nsanje, amene nyumba yake inali itagwa ndi namondwe Freddy mu Malichi chaka chomwecho, anangokhala duu. Patapita sabata anatuluka m'gulu osatsanzika, wina n'kumutsatira. Kunyanja sitinapite. Ndalama tinabwezerana, ndipo panatenga pafupifupi chaka kuti anthu ayambirenso kulankhulana momasuka.

Chimene sichinafe nthawi yonseyo ndi kope.

Linayamba pa maliro a mnzathu uja mu 2016, kumudzi kwina ku Ntcheu. Titachoka kumanda, tili pansi pa mtengo wa mango tikudikira nsima, mkazi wa malemu analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kope lakuda lachikuto cholimba, lomanga ndi mphira ya chubu cha njinga. Anati, "Alamu, izi ine sindizidziwa, mwina inu mudziwa." Titatsegula tinadzipeza tokha. Malemu ankatijambula mobisa m'situdiyo tili chaka chachiwiri: wina akuwodzera atatsamira chinsalu chake, wina akusongola pensulo ndi lezala, ine ndili ndi tsitsi lomwe pano ndilibe. Anajambula ndi makala, ndiye masamba ena anali atadetsana. Tinalipo asanu pamenepo, ndipo tinalira kuposa mmene tinalirira kumanda. Masamba opitirira theka anali oyera.

Mayiwo anatipatsa kopelo. Pobwerera, m'minibasi, tinagwirizana malamulo atatu. Amene ali nalo ajambule tsamba limodzi la chinthu chimene akuchiona kumene akukhala, alembe tsiku ndi malo. Asalisunge kupitirira miyezi itatu. Lachitatu ndilo lagwira ntchito yonse: kope silitumizidwa pa positi, pa kondakitala wa basi kapena kudzera kwa mlamu wa munthu. Uyenera kulipereka wekha m'manja mwa mnzako wa m'kalasi.

Mukuona chimene lamulo limeneli limachita? Limakakamiza anthu awiri kuonana. Osati khumi, awiri basi. Anthu awiri sasowa komiti kapena msungichuma. Amasowa tiyi ndi ola limodzi. Ine ndinalilandira pa depoti ya Wenela ku Blantyre kuchokera kwa mnzathu wa ku Joni, amene ndinali ndisanamuone zaka 12. Anatsika basi maso ali psuu, atagona masiku awiri pampando, kope atalikulunga m'jumbo n'kuliika m'kati mwa jekete ngati pasipoti. Tsamba lake anajambula ndi bolopeni ali pa mzere ku Beitbridge: misana ya anthu yokhayokha, mabulangeti, zikwama zamizeremizere zija, ndi mayi wina atagona chokhala pa ndowa. Pakona pali banga la Sobo. Tinakhala pa benchi mpaka dzuwa kupendeka, ndipo anandiuza zinthu zomwe sakanazilemba pa gulu ngakhale mutamulipira.

Wa ku Leeds analitenga atabwera ku ukwati wa mchemwali wake, ndipo linakhala kunja chaka ndi miyezi iwiri, lamulo la miyezi itatu lija osaliona n'komwe. Litabwerako tinapeza wajambula manja okha, manja a gogo wina wachizungu amene ankamusamalira, atagwira kapu. Nkhope sanaike. Pansi analemba tsiku ndi mawu akuti kunja kunada 4 koloko masana. Pa gulu mnzathuyu amaika zithunzi ali m'makoti okongola pa chipale chofewa. M'kope ndi mmene tinaona ntchito yake yeniyeni.

Amene anandiphunzitsa zambiri ndi wa ku banki uja. Analisunga miyezi isanu ndi itatu, tikamuimbira ankati watanganidwa. Kenako anaulula kwa mmodzi wa ife kuti chichokereni pa Chirunga sanagwirepo pensulo, ndipo akuopa kuipitsa kope la malemu. Apa mumvetsetse, achemwali, chifukwa m'gulu lanu alimo otere. Anthu a zaluso timathawana osati chifukwa cha mtunda wokha ayi. Amene anasiya kujambula amachita manyazi pamaso pa amene akupitiriza, ndipo amene akupitiriza amachita manyazi chifukwa nthawi zambiri ndi amene matumba ali pululu. Aliyense amaganiza kuti mnzake akumuyeza. Mnzathuyo pomaliza anajambula nkhokwe ya mayi ake ku Kasungu, mizere ikunjenjemera ngati ya mwana wa fomu 1. Atabwera nalo, mmodzi wa ife analiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti, "Aise, dzuwa lako lili mbali ziwiri. Mthunzi wa denga ukupita uku, wa miyendo ukupita uko." Anaseka mpaka misozi. Tikanamuyamikira mwaulemu akanadziwa kuti tamuika kunja. Pomudzudzula ngati kale, tinamubwezera m'kalasi.

Maulendo anabwera okha chifukwa cha kopelo. Munthu ukamapita kukalipereka umaitana wachitatu, ndiye mumafuna malo apakati. Tinazindikira kuti tikakumana pamalo odyera nkhani zimatha msanga, timangofunsana za ana ndi mitengo ya feteleza. Tikakumana pamene pali chinthu choti tiyang'ane, pakamwa pamatseguka pokha.

Ulendo umene sindidzauiwala ndi wa ku Chongoni ku Dedza. Zithunzi za pamiyala za kumeneko tinaziphunzira m'kalasi, tinalemba nazo mayeso, koma mwa anayi amene tinapita panalibe anali atazionapo ndi maso. Tangoganizani, malo amene UNESCO inawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006, okhala ndi malo ojambulidwa 127, ife akatswiri a digiri tinkawadziwa pa fotokope. Tinakwera ku Mphunzi ndi mnyamata wotilondolera. Pathanthwe pali zofiira zija, mizere ndi zozungulira, zomwe amati anajambula Akafula, ndiye pali zoyera zomwe anapaka Achewa ndi dothi loyera, zina zokhudza chinamwali cha atsikana, zina za Nyau. Tinakhala pansi aliyense ndi pepala lake, ndipo pasanathe mphindi khumi mkangano unabuka ngati mu 2002: kodi wojambulayo anayambira kumutu kapena kumsana, anapaka ndi chala chimodzi kapena ziwiri. Mnzathu wina, wobadwira konko ku Dedza, anangoti, "Zinazi musafunse, si za inu," n'kupitiriza kujambula. Tinamusiya. Tsiku lonse tinawononga ndalama ya minibasi, ya wotilondolera, mbatata yowotcha ndi madzi.

Ku Mua nako tapitako kawiri, potsika msewu wokhotakhota wa Khwekhwerere kulowera ku Golomoti. Mishoni ya kumeneko inayamba mu 1902, ndipo malo a zaluso a KuNgoni anawayambitsa Bambo Claude Boucher mu 1976. M'nyumba yosungiramo zachikhalidwe ya Chamare muli zigoba za Gule Wamkulu mazanamazana, koma ine chimene chimandikoka ndi kukhala pafupi ndi osema, kumva kasemasema akugunda mtengo. Mnzathu amene ankasema bwino kuposa tonse, amene pano amaphunzitsa Chingelezi, anapempha tchizulo kuti angoyesa. Tinamudikira ola lathunthu.

Wa ku Joni uja ulendo wina anatsikira ku Harare dala n'kupita ku Tengenenge, kufupi ndi Guruve, mudzi wa osema miyala umene Tom Blomefield anauyambitsa mu 1966 fodya wake atasiya kuyenda malonda. Ambiri mwa osema oyamba kumeneko anali antchito a m'mafamu ochokera kuno kwathu, ku Mozambique, ku Zambia ndi ku Angola. Akuti atapereka moni, bambo wina wachikulire anamuyankha m'Chichewa chosakanikira Chishona n'kumufunsa kuti kwawo ndi boma liti. Anabwera ndi kamwala kakang'ono kosemedwa, kamene pano kamayenda limodzi ndi kope m'jumbo yomweyo.

Za kubwerera ku Zomba, pitani ngati mukufuna, koma musayembekezere zambiri. Kuyambira 2021 dzina la Chancellor College linachoka, pano ndi University of Malawi, ndipo ana a pamenepo adzakupatsani moni wa "mwaswera bwanji amayi" n'kukupatukirani njira. Ife tinangozungulira pang'ono, kenako tinakwera phiri kukakhala pa damu la Mulunguzi.

Ndiye inu, gulu la WhatsApp lisiyeni likhale la maliro ndi moni, limathandiza pamenepo. Muuze a kunja kuti akagula tikiti azinena tsiku msanga, ndipo amene ali pafupi ndi Chileka kapena Lumbadzi akawaone, ngakhale akhale mmodzi. Mukakumana funso loti "pano ukupanga chiyani" lisakhale loyamba. Tengani mapepala ndi mapensulo okwanira onse, chifukwa amene anasiya kujambula sabwera ndi zake, koma mukamuikira pamwendo amatenga. Ndipo musadikire kuti wina amwalire kuti mupeze kope ngati mmene tinachitira ife.

Mphunzitsi wa ku Nsanje uja pa gulu sanabwererebe mpaka lero. Koma kope analilandira chaka chatha, mnzathu wina atakwera basi kuchokera ku Blantyre kutsika Thabwa kukamupatsa. Anajambula nyumba yake yatsopano, njerwa zitafika pa mawindo. Pano lili ku Mzuzu, kwatsala masamba asanu ndi anayi, ndipo tikukangana kale kuti lomaliza ajambule ndani. Lanulo mugule lachikuto cholimba ndi mapepala okhuthala, ndipo muzilikulunga m'majumbo awiri. Lathu linanyowa ndi mvula pa Zobue, tsamba la nkhokwe lija linachita mathothomathotho.