Za peccary ya pa foni ndi nkhumba yosatenga bere

Sabata ino andifunsa mafunso awiri. Mnyamata wina wa ku Chonde anaona pa foni nyama zonga nguluwe zikuwetedwa m'khola, ndiye akufuna kudziwa ngati angazipeze n'kumakweretsa nkhumba zake. Mayi wina wa ku Thuchila akudandaula kuti nkhumba yawo yatha miyezi itatu chiletsereni ana kuyamwa, koma bere ayi.

Ndiyambe ndi inu achimwene. Nyama munaonayo dzina lake ndi peccary. Kwawo ndi ku America, kuyambira ku Texas mpaka ku Argentina, ndipo ku Brazil ndi ku Peru alipo ena amaiweta. Nkhope isakunamizeni. Si nkhumba, si nguluwe yathu ya m'phiri la Mulanje, ndi mtundu winawina, moti ngakhale mutazitsekera khola limodzi chaka chathunthu simudzaona mwana. Zimakonda kukhala m'magulu, ndipo pamsana zili ndi pamalo potuluka fungo. Ziwiri zimaima mosemphana n'kumakhudzitsana mitu pamenepo kuti zizindikirane. Kumadera otentha zimakwerana nyengo iliyonse ya chaka. Koma mverani apa: bere lake limatha masiku pafupifupi 145, ndipo kawirikawiri imaswa ana awiri basi. Mtundu womwe amaweta kwambiri umalemera makilogalamu 15 mpaka 30. Nkhumba ya mtundu wa Large White yodya bwino imaswa ana 8 mpaka 12 pakatha masiku 114 okha. Inuyo werengani nokha kuti fizi ya ana ichokera kuti.

Tsopano inu mayi. Nthawi zambiri vuto silikhala nkhumba, koma kuti nyengo yake yofuna yamphongo imadutsa eni ake ali kumunda kapena kothyola tiyi. Mkota wathanzi umafuna yamphongo pakatha masiku 4 mpaka 7 chiletsereni ana kuyamwa. Mukaphonya pamenepo, muyembekezere masiku 21, ndipo nyengoyo imangokhala masiku awiri kapena atatu. Muziyendera khola m'mawa ndi madzulo. Kumaliseche kumatupa ndi kufiira, kumatuluka chikazi, nkhumba imalira pafupipafupi, chakudya siyichifuna kwenikweni. Chizindikiro chomwe ine ndimachikhulupirira kuposa zonse ndi ichi: itsindikizeni pamsana ndi manja onse awiri. Ikaima nji osasuntha, yakonzeka. Muitengere kukhola la yamphongo, ikwere, mubwerezenso pakatha maola 12, tsikulo mulilembe pa kalendala kapena pachitseko. Ikapanda kubwereranso pa nyengo pakatha masabata atatu, yatenga.

Muonenso nthiti zake. Mkota womwe ana anauyamwa mpaka kuonda, chakudya n'kukhala madeya ndi madzi okhaokha, umachedwa kubwerera pa nyengo. Onjezani soya wokazinga wogaya kapena zotsalira za usipa, ndi kamchere pang'ono.

Chomwe chimandidetsa nkhawa kuno ndi kubwereka yamphongo. Imodzi imazungulira mudzi wonse, ndipo chigodola cha nkhumba chimayenda nayo. Matendawa alibe mankhwala. Musanapite ndi mkota wanu, funsani ngati m'khola limenelo simunafe nkhumba posachedwapa. Ikabwerako, ikhale payokha masabata awiri. Nkhumba zogula kumalire a ku Muloza nazonso zisalowe m'khola tsiku lomwelo, ndipo ya msoti musaikweretse isanakwane miyezi 7 kapena 8.